A Tak ndi Galasi Lathu Lamaliseche

Mukamva anthu a mumsewu mwathu akunena kuti a Tak amapatsa moni dzuwa, musayese nthabwala. Ine ndawaona ndi maso angawa. Nyengo yotentha ikangofika, m'mawa akakweza chitseko chachitsulo cha shopu yawo, amavula kachipewa, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuwerama ngati mkamwini.

"Mwadzuka bwanji, abwana? Lero muwawotche ndithu, musawamvere chisoni!"

Akatero amaseka okha. Amati mumzinda wonse wa Daegu mulibe wantchito wokhulupirika ngati dzuwa, chifukwa limawaitanira makasitomala tsiku lonse koma silinapemphepo malipiro.

Ine ndine Do Mal-sun. Ndimaphika m'kalesitilanti ka make Tae-ho, kutsidya kwa msewu, maso ndi maso ndi shopu ya a Tak, pakati pa magalaja ndi mashopu a matayala. Timagulitsa msuzi wa ng'ombe ndi mpunga, kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola uja, pambali, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, basi. Mwini lesitilanti dzina lake ndi Pyo Yeong-ran, koma ndani amamutchula choncho? Chimwalirireni mwamuna wake, Tae-ho akadali pasukulu, dzina limenelo linangotsala pamapepala a boma. Iye amanditcha achemwali, ine ndimamukalipira ngati mng'ono wanga wa bere limodzi. Kumaso kwa lesitilanti yathu ndi galasi lokhalokha, kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo nkhani yonseyi ndi ya galasi limenelo.

A Tak Byeong-gu sanabadwire m'tinti ayi, ntchito yawo ija yomata mapepala otchinga dzuwa pamagalasi. Kwawo ndi kuminda ya maapozi ku Yeongcheon. Anabwera m'tauni ali mnyamata kudzagwira ntchito kufakitale yonyika nsalu, manja lero obiriwira, mawa ofiira. Mafakitale atayamba kutsekedwa anaphunzira kumata mapepala okongoletsa makoma m'nyumba za anthu. Tsiku lina dalaivala wa takisi anawafunsa ngati angathe kumata pepala lakuda pagalasi la galimoto. Iwo anati, "Khoma ndi khoma, bweretsani." Anamata, pepala n'kutuluka matuza okhaokha, dalaivala n'kuwathamangitsa ndi sipanala. Koma akuti pothawapo mtima unali kuvina, chifukwa anadutsa pamzere wa matakisi n'kuona magalasi ankhaninkhani osavala.

Osavala, eetu. Kwa a Tak galasi lopanda tinti ndi lamaliseche. Akaona galimoto yotero, zija timati thanki ya nsomba, amagwira pakamwa: "Mayo, taonani bambo uyo akuyenda poyera, mzinda wonse ukumuona akukanda mphuno!"

Ntchito yokha amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Galimoto yatsopano ikangotsika pachilole pakhomo pawo, mwini wake asanakhalemo n'komwe, amayamba aizungulira ndi tochi kufuna pokandika. Kenako amatseka zitseko kuti fumbi lisalowe, amapopera madzi a sopo pagalasi, amayala pepala, amaliwuzira mpweya wotentha mpaka litagonja n'kutsata kupindika kwa galasi, amadula m'mbali ndi lezala, n'kukankha madzi onse ndi kalabala. Pamenepo salankhula, olo muwauze kuti nyumba yawo ikupsa. Akamaliza amamata kapepala pabatani la windo, n'kumuloza chala mwini galimoto: "Mukatsitsa windo lisanaume, musadzabwere kuno kudzalira." Mwini uja akamathira mowa wa mpunga pamatayala ndi kupachika nsomba youma yokulunga ulusi kuti ngozi zimutalikire, a Tak amawerama naye limodzi, wotsala m'botolo n'kumwa iwo.

Masana aliwonse ankawoloka msewu kudzadya kwathu, mpando womwewo, pafupi ndi khitchini. Asanalawe n'komwe msuzi, ulaliki wayamba.

"Amayi Do, mwaziona galimoto zamagetsizi? Denga lonse galasi! Munthu wadazi akayenda nayo mpaka ku Pohang, akafika mutu utapsa ngati dzira. Abwera kwa ndani? Kwa Tak! Nanga mafulati akumanga kutsidya kwa mtsinjewa? Galasi kuchokera pansi mpaka kumitambo, onse maliseche! Chaka chilichonse kukutentha kuposa chatha, magetsi oziziritsira nyumba nawo akungokwera. Zagalimoto mashopu akuluakulu a makina odula okha aja atilanda, ndikuvomera, koma nyumba, amayi Do, nyumba! Masukulu, zipatala, maofesi! Ine ndikakwera phiri la Apsan n'kuyang'ana pansi sindiona mzinda, ndimaona ntchito yoti adzukulu a adzukulu anga sadzaimaliza."

"Adzukulu ake ati, poti ndi mphaka yemwe mulibe? Idyani, msuzi ukuzizira."

Ankaseka mpaka kutsamwa. Koma make Tae-ho angofika ndi kambale ka kimchi, munthu yense uja wathera pomwepo. Maso m'mbale, makutu psuu.

"Zikomo, abwana."

"Kwatentha lero, abwana Tak."

"Kwatentha."

Zaka ndi zaka nkhani yawo inali yomweyo. Nthawi yachisanu ankangosintha n'kumati kwazizira. Akazi a a Tak anamwalira kalekale osasiya mwana, ndipo msewu wonse unkadziwa kumene mtima wawo unagwera, chifukwa podikira kuti pepala liume ankaima pakhomo pawo, kalabala m'manja, maso pagalasi lathu, kutsatira make Tae-ho tebulo ndi tebulo. Ine zinkandipsetsa mtima. Ndinkawauza ndithu kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, iwo n'kumayankha za mitengo ya mapepala.

Ndiye chaka chathachi dzuwa linawamvera a Tak mopitirira. Kunatentha, abale inu! Galasi lathu limayang'ana kumene dzuwa limadzera masana, ndiye kutsogolo moto, kumbuyo mphika wa msuzi ukuwira, makina oziziritsa akungolira popanda chochita. Tsiku lina make Tae-ho akunyamula thireyi anangoti khu pansi, chikomokere. Tinamuthira madzi, anatsitsimuka, koma mawa lake Tae-ho anali atafika kuchokera ku Incheon, mzinda wakutali kumene amakhala ndi banja lake, nkhope ili ndwii.

"Amayi, zakwana. Chipinda takonza kale, mpongozi wanu wagula ndi makatani omwe. Chikondwerero cha zokolola chikangodutsa ndikubwera ndi lole. Mukufuna mufere pamphika?"

"Usandikalipire pa anthu, iwe. Kukapitirira kutentha chonchi ndipita, ndamva."

A Tak anali pampando wawo uja. Supuni inagwa m'manja mwawo n'kulira pansi. Anaimirira, n'kulankhula mawu ambiri kuposa onse amene anamuuzapo make Tae-ho chiyambire.

"Kutentha? Vuto ndi kutentha basi? Abwana, ndipatseni Lamlungu limodzi lokha. Dzuwa ndimadziwana nalo ine."

Lamlungu anabwera m'mamawa, mpukutu wa pepala paphewa, akuyenda ngati akupita kukalandira mendulo. Ataufunyulula tinaphethira, chifukwa linali lasiliva, lonyezimira waliwali. Make Tae-ho anafunsa chapansipansi ngati kulibe loyera, loonekera.

"Liliko, a kampani ananditumizira, akuti limatchinga kutentha osadetsa galasi. Zachibwana! Munthu ugwire ntchito tsiku lonse, ukamaliza anthu azifunsa kuti wagwira pati? Ili ndiye bwana wa mapepala onse. Inu muziona kunja konse, akunja asakuoneni. Alipo munthu amene amafuna kuonedwa?"

Ndipo anafunsa ine, osati make Tae-ho. Tonse tinangogwedeza mitu. Nanga tikanatsutsa bwanji, poti munthuyu moyo wake wonse wakhala akubisa anthu m'galimoto, onse n'kumamuthokoza?

Anagwira tsiku lonse, thukuta kamukamu, osakhala pansi. Atamaliza tinatuluka panja kukaona. Iii, kukongola kwake! Kalesitilanti kathu kakale kaja kanasanduka kalilole mmodzi wamkulu, mitambo ikuyendamo, mabasi akudutsamo. Titalowanso mkati, kuzizira bwino, maso osathobwa, msewu wonse ukuoneka mbee. Make Tae-ho anaomba m'manja ngati kamtsikana. Amakanika amene anali pafupi anakhamukira kudzajambula ndi mafoni. Ndalama a Tak anakana kwamtuwagalu, anati ndi mphatso, n'kuthawira kushopu kwawo asanathokozedwe bwinobwino.

Sabata yoyamba tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Anthu akaona kalilole amapenga, ndikukuuzani. Bambo wa inshuwalansi, wa tayi uja, ankaima pamphuno pathu penipeni n'kuyamba kutokosa m'mano. Atsikana a sukulu ankayeserera kuvina. Mwini shopu ya matayala ankakoka mimba mkati, n'kudziyang'ana cham'mbali, n'kuitulutsanso mokhumudwa. Ife mkati tili gada ndi phwete, tikugwirana mapewa.

Koma tinaseka tili awiri, ndipo nkhani inali pamenepo.

Amakanika otizolowera ankabwerabe, koma iwo ndi angati? Amene amadzaza matebulo athu ndi anthu osiya galimoto m'magalaja, amene ali ndi kanthawi koti aphe njala podikira. Munthu wotero amayenda mumsewu akusuzumira m'mawindo: pamene pali anthu tho, nthunzi ikufuka m'mbale, amati pano ndiye pokoma, n'kulowa. Tsopano akafika pathu ankaona nkhope yake yomwe, n'kukonza kolala, n'kupitirira kukadya pakona. Wina analowa, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti makina a njuga ali chipinda chiti, poti kuno magalasi obisa anthu amakhala pamalo otero. Mkazi wa makanika wina anabwera ndi ambulera kudzatulutsa mwamuna wake, akuti wamva kuti tatsegula bala ya atsikana. Atsikana ake ine, wa mawondo olira awa! Tinapachika chikwangwani choti tatsegula, lowani, koma a njuga nawonso amalemba zomwezo. Tikatsegula chitseko, kutentha konse kunkalowa pamodzi ndi utsi wa magalaja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msuzi umene unkatha masana tinayamba kumagawira aneba madzulo.

Kutsidya kwa msewu ndiye kunali chikondwerero. Wa famase anaona galasi lathu n'kufuna lake. Wa saluni naye. Dokotala wa mano wa pamwamba pa banki naye. A Tak ankabwera nawo alendowo n'kuwaimika panja pathu, manja akuuluka, "Taonani! Gwirani! Mukuona munthu mkatimo? Simungamuone!" Nthawi yodzakhala pampando wawo uja inasowa, chakudya ndinkachita kuwapititsira pathireyi nditavindikira nyuzipepala, iwo n'kumadya chiimire, foni kukhutu.

"Amayi Do, ndinkanena ine! Nyumba! Loweruka masana akubwera a komiti ya mafulati a kutsidya kwa mtsinje, nyumba zitalizitali zonse zija, akufuna aone galasi lanuli ndi maso awo. Akangovomera, ndilemba anthu ntchito, ndigula galimoto ya makwerero, dzina la Tak lidzawala kuchokera kumtsinje mpaka kuphiri!"

Ine lilime linkandiyabwa, koma make Tae-ho anali atandilumbiritsa. "Achemwali, mukangonena, ine ndi inu tidana. Munthuyu mwayi wangomutsegukira kumene, ndipo anatipatsa ndi mtima wonse. Mphatso ungaibweze kumaso kwa mwini wake?"

Panalinso china chimene chinkamutseka pakamwa, ndipo ine ndinachiona.

M'mawa uliwonse tisanayambe kulandira anthu, a Tak ankawoloka msewu, akuti kudzayendera ngati pepala latulutsa matuza. Matuza ake ati? Ankaima pakati pa galasi, n'kuvula kachipewa, n'kupesa titsitsi tawo towerengeka tija, n'kuwongola malaya. Kenako manja m'mbali ngati msilikali, milomo n'kuyamba kugwedera. Amalankhula, amalankhula, n'kuwerama. Apukusa mutu, ayambirenso. Galasi ndi lochindikala, mumsewu magalimoto ali pipi, sitinkamva ngakhale liwu limodzi. Tsiku loyamba ndinagwa nako kuseka.

"Taona mphunzitsi wa tinti! Wauza mzinda wonse kuti a mkati amaona kunja, lero waiwala yekha!"

Tsiku lachiwiri make Tae-ho anandiuza kuti ndikadule anyezi. Ndinasuzumira ndithu. Anali ataima mbali ino ya galasi, kansalu kopukutira m'manja, maso ndi maso ndi a Tak, pakati pawo galasi lokha. Mawa lake anabwera kuntchito atapaka milomo. Kupakira milomo munthu woti sakukuona! Apa ndiye ndinadziwa kuti misala ili mbali zonse ziwiri, ndipo kuseka kunandithera, kunabwera chisoni.

Koma lendi salipira ndi milomo yofiira. Lachisanu madzulo, titagawanso msuzi wathunthu, make Tae-ho anakhala pansi n'kuimbira mwana wake ine ndikumva.

"Tae-ho, chikondwerero chikadutsa ubwere nayo loleyo. Ayi, sikukutentha. Kungoti ndatopa."

Anadula foni n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale. Ine ndinapita kwathu mtima ukuwira kuposa mphika wanga.

Loweruka masana ndinawoloka msewu opanda thireyi, chipande chili m'manja, epuloni ili m'chiuno. Ndinawapeza a Tak atavala jekete ya suti, kutentha konse kuja, nsapato zopolisha, akudikira a komiti.

"Amayi Do, chakudya chili kuti?"

"Lero mukadyera kumene chimaphikidwa. Tiyeni."

"Alendo anga afika posachedwa..."

"Ndati tiyeni, musandichititse kuti ndikukokeni khutu pamaso pa amakanika!"

Ndinawagwira mkono wa jekete mpaka mkati mwa lesitilanti yathu. Inali nthawi imene kale munthu sankapeza pokhala, ena ataima pakhomo kudikira. Matebulo onse mbee, mipando yolowetsa bwinobwino, kuli zii, makina oziziritsa okha akung'ung'udza. Make Tae-ho anatuluka kukhitchini, n'kundiyang'ana diso loti tionana. A Tak anazunguza mutu.

"Anthu ali kuti?"

"Dikirani, muwaona."

Posakhalitsa kunja kunatulukira azibambo anayi, akuoneka ndithu kuti njala yawagwira. Anafika pagalasi lathu, wina anakonza chipewa, wina anasuzumira n'kungoona diso lake lomwe, anakambirana pang'ono, n'kumapita pakona. A Tak anawaperekeza ndi maso, kukamwa yasa.

Pamenepo ndiye ndinamasula zonse, lumbiro kaya likandipeze kutsogolo.

"Mwaona? Tsiku ndi tsiku ndi zimenezo, chimatireni chipepala chanucho! Ino si galimoto, abwana Tak! M'galimoto munthu amabisala, koma malo odyera ndi thanki ya nsomba, anthu azitiona tikutafuna, ndiye malonda ake! Mwatiziziritsa, inde, tazizira ngati a kumochale. Ndipo poti simufunsa, ndikuuzani: make Tae-ho waitanitsa lole dzulo. Akupita ku Incheon. Inu muzitsala ndi kalilole wanu, muzipesa!"

"Achemwali!" anakuwa make Tae-ho.

A Tak nkhope inachita kuyera. Anatuluka chothamanga, galimoto ina n'kuwaimbira hutala, ine n'kuganiza kuti ndawapha ndi pakamwa pangapa. Koma tisanapume n'komwe anabwerera, makina a nthunzi kudzanja ili, lezala ndi botolo kudzanja linalo. Jekete anaiponya pampando. Anayamba kufukiza nthunzi pakona ya galasi, n'kutokosa ndi lezala.

Make Tae-ho anawathamangira. "Abwana Tak, musatero! Alendo anu ali m'njira. Aone kaye, muchotsa mawa. Ntchito yonse ya mafulati ija!"

Kwa nthawi yoyamba anamuyankha osayang'ana m'mbale, ngakhale kuti anayang'ana galasi.

"Ndiwaonetse chiyani, abwana? Ndiime apa ndizitamanda chinthu chimene chikukuthamangitsani?"

Anagwira nsonga ya pepala ndi manja awiri, n'kukoka. Kweee! Dzuwa linalowa ngati latsegulidwira khola. Anakokanso, kweee, chisiliva chonse chija chikugwera pansi, kumata nsapato zopolisha zija. Kunja amakanika anasiya masipanala n'kuyamba kusonkhana, akuloza, ena akuimba mluzu. Ine chamumtima ndikungoti kokani, bambo, kokani!

A komiti anafika zili pakati. Anali atatu, patsogolo mayi wa chipewa chotchinga nkhope yonse ndi kaambulera ka maluwa. Anapeza munthu ali pamakwerero, malaya ali chonyowa, zidutswa za pepala zili m'tsitsi.

"Pepani, abwana Tak ndi ati? Tabwera kudzaona galasi lija."

"Ndine. Galasi ndi ili, koma pepala ndi ili lili pansili."

"Mukutanthauza kuti lamatuka lokha?"

"Ayi, langa silimatuka lokha. Ndamatula ndine. Ndinaliika polakwika."

Mayi uja anayang'ana anzake, milomo atapinda. Ine ndinaona mwayi. "Mwayenda padzuwa, mabwana, khalani kaye mumwe madzi. Apa, apa, pawindo pompa." Ndinawakhazika poonekera penipeni, n'kuwaikira msuzi wowira, nthunzi ili tolotolo, kimchi ya dzulo lomwe, asananene kuti safuna. Anangolawa kamodzi, zipewa zinavulidwa.

Nyambo inagwira, abale! Awiri odutsa anasuzumira, anaona anthu akupukuta thukuta ndi kupempha mpunga wina, analowa. Kenako banja lathunthu. Kenako madalaivala a chilole. Amakanika owonerera aja nawo anati poti tabwera kale. Posakhalitsa kunali "Amayi, kuno awiri!", "Kimchi ina kuno!", mbale gobede gobede, ine ndikuthamanga ndi mawondo anga olira aja, make Tae-ho akudumpha zidutswa za pepala ndi thireyi, akuseka, thukuta lili chuchuchu. Kunatentha ngati kale, koma mphika unatha mpaka kupala pansi. A komiti anadya, analipira, anathokoza msuzi, koma za tinti sananenepo kanthu. Ntchito ya mafulati ija anakaipereka kushopu yaikulu ya makina, tinamva pambuyo pake.

Anthu atatha, a Tak anali akadali pagalasi, akupala zomatira zotsala ndi lezala, pang'onopang'ono, osatembenuka. Ine ndinalowa kukhitchini, koma mpopi sindinatsegule, makutu ali kunja, ndingabise chiyani. Make Tae-ho anavula epuloni n'kukaima pambali pawo.

"Ndiye tibwerere kokomoka ndi kutentha, abwana Tak?"

"Ayi. Lija loyera lija ndimata mawa."

"Lachibwana lija? Loti anthu azifunsa kuti mwagwira pati?"

"Azifunsa. Bola inu muzioneka."

Lezala linapitiriza kulira pagalasi. Make Tae-ho anapinda epuloni, n'kuifunyululanso.

"Munatiuza nokha kuti a mkati amaona kunja konse."

"Eya."

"Ndiye m'mawa monse muja munkaiwala?"

Lezala linaima.

"Tinti ndamata moyo wanga wonse, abwana. Ndingaiwale mbali imene imaona? Ndinkadziwa kuti mwaima pamenepo. Kungoti nkhope yanu ndikamaiona, mawu onse amathawa. Pakalilole paja ndiye ankatuluka."

Mayo ine! Chipande chinandipulumuka. Ine kuseka konse kuja ndinkati ndikuseka chitsiru, osadziwa kuti munthu akufunsira mbeta mwa njira yokhayo imene akanatha. Misozi inalengeza, ndinaipukuta ndi epuloni ya anyezi, ndiye inachita kuwonjezeka.

"Galasili ndi lochindikala," anatero make Tae-ho. "Sindinamve kanthu. Pepala lija mwachotsa nokha. Nenani tsopano."

A Tak anayang'ana uku ndi uku kufuna pobisala. Pabisala pati? Galasi linali mbee, lamaliseche, kutsidya amakanika atandandalika pamatayala, onse maso kuno. Anaika lezala pansi. Anavula kachipewa kamene anali atavalanso. Manja m'mbali, ngati m'mawa monse muja. Makutu anafiira mpaka m'khosi, koma maso sanawatsitse.

"A Yeong-ran," anatero.

Ine dzina limenelo ndinali ndisanalimve m'nyumba muno chimwalirireni bambo a Tae-ho. Mwini dzinalo anagwira tebulo.

"A Yeong-ran, musapite ku Incheon. Ine ndikufuna ndizidya nanu. Osati masana okha ayi."

Anawerama, n'kukhala chiweramire, osadziwa kuti adzuke liti. Make Tae-ho anawayang'ana pamutu paja, pa titsitsi todzaza zidutswa zasiliva, n'kuchotsa kamodzi ndi zala. Kenako anatulutsa foni m'thumba.

"Tae-ho? Ndine. Loleyo usabwere nayo. Chipinda chija muikemo njinga za ana."

Mawu a mnyamata uja ankamveka mpaka kukhitchini, akufunsa kuti chachitika n'chiyani, nanga kutentha kuja kwatha?

"Kwatentha ndithu, mwana wanga," anatero make Tae-ho. "Koma ndikhala."